Opaleshoni ya cornea: ndondomeko imodzi ya anamwino ikhale ndi chiyani?

Sisita_wa_Maso analemba:

Anzanga a ntchito ya maso, ndithandizeni nzeru. Nkhani yake ndi ya odwala amene achitidwa opaleshoni ya cornea, kagalasi koonekera kakutsogolo kwa diso kaja, makamaka amene awaikira cornea ya munthu wina. Vuto lodziwika m'mawodi ambiri n'lakuti chisamaliro chimadalira amene ali pa shifiti. Wina amagoneka wodwala chagada, wina akabwera amamukhazika tsonga kuti adye bwino. Wina amadonthezera mankhwala atatu motsatizana osapumira, wina amadikira kaye. Wodwala akadandaula mutu pakati pa usiku, wina amamupatsa paracetamol n'kudikira kuti kuche, wina amaimbira dokotala nthawi yomweyo. Ukawafunsa, onse amati akutsata zimene anaphunzira.

Ndiye tikati tilembe ndondomeko yoti namwino aliyense azitsata, kuyambira wodwala asanalowe ku thiyeta mpaka atapita kunyumba, mulowe chiyani? Kodi pepala limodzi lingakwanire mitundu yonse ya opaleshoni ya cornea, kapena mtundu uliwonse ukhale ndi lake? Ndi manambala ati amene ayenera kulembedwa poyera kuti namwino asamachite kuganizira? Nanga ndi ziti zoti tisazikhudze, zikhale za dokotala amene wachita opaleshoniyo? Mawu akuti "muziyang'anira wodwala mosamala" musandipatse, amenewo ali kale m'fayilo iliyonse ndipo sanapulumutsepo diso.

Wa_ku_Thiyeta anayankha:

A Sisita, pepala limodzi silingakwanire. Pakhale tsamba loyamba la odwala onse, kenako mtundu uliwonse ukhale ndi tsamba lake, chifukwa chimene chimapulumutsa diso la uyu chikhoza kuwononga la uyo.

Pa opaleshoni yotchedwa PK amachotsa gawo lapakati la cornea, makulidwe ake onse amene ndi pafupifupi theka la milimita. Amadula kachidutswa kozungulira ka mamilimita 7.5 mpaka 8.5 n'kusokerapo ka wopereka ndi ulusi wa nayiloni wa 10-0, kawirikawiri masitichi 16. Imeneyi ndiyo njira yakale, imene Eduard Zirm anaichita bwino koyamba mu 1905 ku Olomouc. Pa DALK amachotsa mbali yakutsogolo yokha n'kusiya endothelium ya wodwala, maselo a kunsi aja amene amapopa madzi kuti cornea isachite chifunga. Pa DSAEK ndi DMEK amasintha mbali yakunsiyo, ndipo kachidutswako sasoka: kamamatidwa ndi thovu la mpweya limene amalisiya m'diso. Wa PK choopsa chake ndi bala kutseguka. Wa DMEK choopsa chake ndi kachidutswa kumatuka komanso presha ya diso kukwera. Mukuona nokha kuti malangizo awo sangafanane.

Pa tsamba la onse yambani ndi diso lenileni. Chizindikiro chiikidwe pamphumi pa diso lochitidwalo wodwala ali maso, atanena yekha dzina lake ndi diso lake. Osamufunsa kuti "ndi lakumanja eti?", chifukwa munthu wamantha amavomera chilichonse. Fomu yovomereza, mndandanda wa ku thiyeta ndi chizindikirocho zigwirizane zonse zitatu. Mndandanda wa WHO wa chitetezo pa opaleshoni, wa 2008 uja, muonjezerepo mizere iwiri ya cornea: mtundu wa opaleshoni, ndi nambala ya kachidutswa ka wopereka.

Kulakwitsa kofala kwambiri kuli pa mwana wa diso. Wodi imene inazolowera odwala ng'ala imadonthezera tropicamide ndi phenylephrine aliyense wopita ku thiyeta, dzanja limangochita lokha. Koma pa PK yokha madokotala ambiri amafuna mwana wa diso atachepa, ndi pilocarpine 2%, kuti iris, kansalu kozungulira mwana wa diso, itchinge lens imene ili kuseri kwake pamene diso lili lotsegula. Amamukulitsa pokhapokha ngati akuchotsanso ng'ala pa opaleshoni yomweyo. Choncho ndondomeko inene kuti palibe dontho lokulitsa kapena lochepetsa mwana wa diso limene lingaperekedwe popanda dokotala kulemba dzina la mankhwalawo pa wodwala ameneyo.

Zina zoti zifunsidwe tsiku lomwelo: akutsokomola kodi? Ali ndi manthongo, katulutulu pachikope, kapena mafinya otuluka mukadina pakona ya diso pafupi ndi mphuno? Zimenezi dokotala azimve wodwala asanakwere pa trolley, chifukwa zikhoza kuimitsa opaleshoni. BP ndi shuga ziyezedwe. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, clopidogrel ndi aspirin, alembedwe, ndipo namwino asawaimitse yekha. Wogonetsedwa tulo asadye kwa maola 6, madzi oyera akhoza kumwa mpaka kutatsala maola 2. Akodze asanalowe, makamaka ngati alandira diripu ya mannitol yotsitsa presha ya diso, chifukwa mannitol amadzaza chikhodzodzo opaleshoni ili mkati. Zimaoneka zazing'ono, koma pa PK pali mphindi zingapo pamene diso lilibe chivindikiro. Wodwala akatsokomola kapena kudzikunga nthawi imeneyo, mitsempha ya kumbuyo kwa diso ikhoza kuphulika n'kukankhira zam'kati mwa diso kunja, ndipo diso lotere kawirikawiri silibwerera.

Potsuka, povidone-iodine 5% alowe m'diso n'kukhalamo mphindi 3, wina aziwerenga pa wotchi. Pakhungu mutha kugwiritsa ntchito wa 10%. Amene sayanjana ndi iodine, chlorhexidine wa m'madzi wa 0.05% ndiye woyenera. Wa 4% wosambira m'manja uja, kapena aliyense wosakaniza ndi spirit, amaotcha cornea. Asapezeke n'komwe pa trolley ya maso.

Kachidutswa ka wopereka kaonedwe ndi anthu awiri wodwala asanagonetsedwe, osati atagona kale. Onani nambala, tsiku lotha ntchito, chidindo cha botolo ngati sichinatsegulidwe, zotsatira za magazi a wopereka za HIV ndi matenda a chiwindi a B ndi C, komanso ngati kanakonzedwera opaleshoni imene mukuchitayo. Kosungidwa m'madzi osungira cornea otchedwa Optisol-GS kamakhala m'furiji pa madigiri 2 mpaka 8 ndipo sikapitirira masiku 14. Sikalowa mu freezer zivute zitani. Madzi ake akhale oonekera bwino, a mtundu wofiirira monga anabwerera. Akachita mbuu kapena kusanduka achikasu, kachidutswako sikagwiritsidwa ntchito. Dokotala amayamba kudula ka wopereka asanatsegule diso la wodwala, ndipo namwino wopereka zida akhale atamanga kale ulusi pa needle holder, viscoelastic (jeli wotetezera m'kati mwa diso) ili m'manja, trephine (mpeni wozungulira wodulira cornea) isanakhudze diso. Mkombero wotsala wa cornea ya wopereka upite ku labotale, ndipo ndondomeko itchule amene adzalondola zotsatira zake. Ambiri amatumiza n'kuiwala, kenako fangasi ya Candida n'kudzaonekera m'diso patapita masabata, lipoti lili phee mu kompyuta.

Zida zokhala ndi mphako, monga ma cannula, zitsukidwe ndi madzi osabala tizilombo opaleshoni ikangotha, viscoelastic isanaume. Zotsalira za viscoelastic ndi za sopo wa ma enzyme ndi zina mwa zimene zimayambitsa TASS, kutupa kwa mbali yakutsogolo ya diso kosachokera ku tizilombo.

Wodwala asatuluke m'thiyeta popanda izi zitalembedwa: mtundu wa opaleshoni, ngati m'diso muli mpweya ndi mtundu wake, kagonedwe, ndi ola loyeza presha.

Wa_Usiku anayankha:

Ndipitirize pamene anzanga alekezera, chifukwa maola 24 oyambirira ndi amene amagwera namwino amene sanaione opaleshoniyo ndipo dokotala ali kunyumba.

Wa DMEK kapena DSAEK amagona chagada, nkhope kuyang'ana kudenga, kuti thovu likankhire kachidutswa kumalo kwake. Madokotala amasiyana pa kutalika kwa nthawi: ena tsiku limodzi, ena awiri kapena kupitirira, ndipo ambiri amalola kudzuka mphindi zochepa pa ola lililonse kuti adye, apite kuchimbudzi ndi kudonthezera. Nambala imeneyi ndi ya dokotala, koma pepalalo likhale ndi malo oti ailembe, ndipo likapanda kulembedwa namwino wolandira wodwala afunse asanasaine. "Chagada" mufotokozenso tanthauzo lake. Mapilo atatu kumutu si chagada. Chibwano chikagwera pachifuwa, thovu limathawira kumtunda ndipo theka lakunsi la kachidutswa limatsala lopanda chochirikiza. Pilo mmodzi wopyapyala pansi pa khosi, wina pansi pa mawondo kuti msana usawawe. Wodwala wa mtima, wa mphumu kapena wa msana wopindika amene sangagone choncho adziwike opaleshoni isanachitike, osati 10 koloko usiku. Wa PK ndi DALK safunika zonsezi: mutu ukwezedwe pang'ono, asagonere mbali ya diso lochitidwalo, basi.

Tsopano nkhani ya mutu imene mwaitchula, a Sisita. Thovu likakula kapena likalowa kuseri kwa iris, limatseka mwana wa diso, madzi a m'diso n'kusowa kodutsira. Presha imene imayenera kukhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg ikhoza kufika 50 kapena 60 m'maola ochepa. Wodwala amamva kupweteka kwa m'kati mwa diso ndi pamphumi mbali yomweyo, nseru, mwina kusanza. Amene sakudziwa amati ndi mankhwala ogonetsa aja, n'kupereka paracetamol ndi oletsa kusanza. Kukamacha, mtsempha woonera wavulala, maselo a kachidutswa afa, ndipo mwana wa diso akhoza kutsala wotambasuka mpaka kalekale. Ndiye lembani mosapita m'mbali: presha iyezedwe pakatha ola limodzi kapena awiri opaleshoni itatha, ndiponso wodwala wopita kunyumba tsiku lomwelo asanatuluke. Kupweteka kwa diso pamodzi ndi mutu kapena kusanza, dokotala aimbiridwe nthawi yomweyo, osadikira kuona ngati paracetamol agwira ntchito. Pa nambala, ine ndingaike 30 mmHg kukhala malire oimbira foni ngakhale wodwala sakudandaula, koma mugwirizane ndi madokotala anu kuti ikhale imodzi. Dziwaninso kuti acetazolamide, mankhwala otsitsa presha ya diso, payekha sathetsa vutoli, chifukwa njira ndi yotsekeka. Chimafunika ndi dokotala kutulutsako mpweya pa slit lamp, makina ounikira diso aja, kapena kukulitsa mwana wa diso. Acetazolamide amene mwauzidwa kupereka mufunse kaye za impso, sickle cell ndi mankhwala a sulfa. Timolol, dontho lotsitsa presha, mufunse za mphumu ndi mtima wogunda pang'onopang'ono.

Poyeza presha gwiritsani ntchito tizida ta m'manja ta Tono-Pen kapena iCare mwaulemu. Kudina diso ndi zala poyerekeza kulimba kwake kuletsedwe pa wodwala aliyense wa cornea.

Mpweya wake ukhoza kukhala wamba kapena SF6 wa 20%, amene amakhalitsa kuposa wamba. Thovu likadalipo, wodwala asakwere ndege ndipo asapatsidwe mpweya wochepetsa ululu wa nitrous oxide, kuphatikizapo Entonox, chifukwa thovulo limafufuma. Chibangili chapamkono chonena zimenezi n'chothandiza pa tsiku limene angakomoke n'kutengeredwa kuchipatala china.

Kupweteka kufunsidwe pa sikelo ya 0 mpaka 10 n'kulembedwa, kuti wa shifiti yotsatira aone ngati kukukwera. Wa PK nthawi zambiri amamva ngati m'diso muli mchenga, misozi n'kumatuluka; zimenezo n'zoyembekezeka. Kupweteka kozama, kapena kumene kunachepa n'kuyambiranso, n'kumene kumafuna maso a dokotala. Nseru ithetsedwe isanafike posanza, chifukwa kusanza kumakoka masitichi. Kudzimbidwa chimodzimodzi.

M'mawa wotsatira, pochotsa bandeji, pulasitala amatulidwe kuchokera pamphumi kutsika, dzanja lina litachirikiza. Zikope zitsukidwe ndi saline, kuchokera kumphuno kupita kunja, thonje limodzi kamodzi n'kutaya. Chikope chakumtunda musachidine; ngati mukufuna kutsegula diso, kokerani chakunsi pafupa la tsaya. Yezani kuona kwake n'kulemba, ngakhale kukhale kungoona dzanja likugwedezeka. Muuzeniretu wodwala kuti wa thovu saona bwino masiku oyambirira, kuti asataye mtima. Unikani ndi tochi chakumbali: chipinda chakutsogolo kwa diso, mpata wa madzi pakati pa cornea ndi iris, chilipo kapena chaphwa? Mwana wa diso ndi wozungulira kapena wakokekera kubala? Pansi pali mzere woyera wa mafinya? Ngati bandeji yanyowa ndi madzi oyera ndipo chipinda chaphwa, bala likudontha. Utoto wa fluorescein 2% ndi kuwala kwa buluu zimaonetsa kamtsinje kakuda kakuyenda pakati pa zobiriwira. Ikani chotchingira cholimba, osadinikiza, itanani dokotala.

TASS imaoneka msanga, m'maola 12 mpaka 48, cornea yonse itachita chifunga koma kupweteka kuli kochepa. Matenda a tizilombo m'kati mwa diso amakonda kudza pakati pa tsiku la 3 ndi la 7, ndi kupweteka, chikope chotupa ndi kuona kukutsika. Si ntchito ya namwino kusiyanitsa ziwirizi. Zonse ndi zoitanira dokotala ola lomwelo.

Chimodzi chimene chimaiwalika: ambiri mwa odwalawa diso linalo nalonso siliona bwino. Mukamanga lochitidwalo, munthuyo ali mumdima. Belu likhale m'dzanja, muzidzitchula dzina musanamukhudze, ndipo asapite yekha kuchimbudzi.

Sisita_wa_Maso analemba:

Zikomo nonse awiri, izi ndiye zolembeka. Chatsala ndi madontho ndi kutulutsa wodwala. Apa ndi pamene pamasokonekera kwambiri, chifukwa dokotala aliyense ali ndi kachepetsedwe kake ka steroid, ndipo wodwala amapita kunyumba ndi mabotolo atatu kapena anayi ofanana maonekedwe. Kodi tingakakamize madokotala kuti agwirizane pa ndandanda imodzi, kapena tingolemba kadonthezedwe kokha?

Wa_Kiliniki_ya_Cornea anayankha:

Kukakamiza ayi, koma apempheni ndandanda imodzi ya wodwala wamba pa mtundu uliwonse wa opaleshoni, yoti ikhale yosindikiza kale, ndipo amene akufuna zosiyana alembe ndi dzanja n'kusaina. Mukatero, chosiyanacho chimaonekera patali ndipo namwino amadziwa kuti n'chadala. Kawirikawiri ndandandayo imakhala ndi steroid, prednisolone acetate 1% kapena dexamethasone 0.1%, kuyambira ka 4 mpaka ka 6 patsiku, kwa ena pafupipafupi kuposa apo, n'kumatsika pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Ndi antibiotic ka 4 patsiku mpaka khungu lapamwamba pa cornea litatseka, sabata imodzi kapena awiri. Amene cornea yake inawonongeka ndi herpes amamwanso aciclovir, nthawi zambiri 400 mg kawiri patsiku kwa nthawi yaitali. Ameneyu akasiya mapiritsi uku akudonthezera steroid, kachilombo kamadzuka.

Kadonthezedwe ndi kathu anamwino, ndipo apa pasakhale kusiyana. Kusamba m'manja, mutu chagada, kukokera chikope chakunsi, dontho limodzi m'kathumba kamene kapangika. Limodzi lokha: kathumbako sikasunga ngakhale dontho limodzi lathunthu, lachiwiri limangotsikira patsaya ndipo botolo limatha tsiku lobwerera lisanafike. Mlomo wa botolo usakhudze diso kapena chikope. Atseke diso mofatsa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, osaphethiraphethira. Pakati pa mankhwala awiri padutse mphindi 5, apo ayi wachiwiri amatsuka woyamba. Opaka amakhala omaliza. Prednisolone acetate ndi ufa woyandama m'madzi, choncho botolo ligwedezedwe kwambiri nthawi iliyonse. Osagwedeza amadonthezera madzi okha masabata oyamba, mankhwala onse ali pansi. Botolo lilembedwe tsiku lotsegulira ndipo litayidwe pakatha masiku 28. M'wodi, wodwala aliyense akhale ndi mabotolo ake.

Musamutulutse chifukwa choti wamva. Adonthezere inu mukuona, ndipo ngati dzanja likunjenjemera kapena sakuona botolo, amene azimudonthezera kunyumba ayesere pamaso panu. Mabotolo asiyanitsidwe ndi chinthu chogwirika, monga mphira womanga pa la steroid, ndipo ndandanda ilembedwe ndi zilembo zazikulu. Chofunika kuposa zonse amve kuti antibiotic amatha koma steroid satha mpaka dokotala atanena. Kachidutswa kambiri kamakanidwa ndi thupi pa chifukwa chopusa ichi: botolo linatha, diso linali bwinobwino, munthu n'kuganiza kuti wachira.

Koma steroid yemweyo ali ndi mbali yake yoipa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu presha yake imakwera akadonthezera kwa masabata angapo, ndipo kwa ochepa imakwera kwambiri, mosapweteka konse. N'chifukwa chake presha iyezedwe pa ulendo uliwonse wa ku kiliniki, ngakhale wodwala akusekerera. Madontho ochititsa dzanzi asapite nawo kunyumba ngakhale achonderere. Amaletsa bala kupola ndipo cornea imatha kusungunuka. Madontho a ciprofloxacin amasiya zoyera ngati choko pabala la cornea, musadabwe nazo n'kuziyesa mafinya, koma dokotala azione.

Zizindikiro za kukana n'zosavuta kuphunzitsa m'Chichewa chifukwa zonse zimayamba ndi K: kufiira, kuopa kuwala, kuchepa kwa kuona, kupweteka. Chimodzi chokha mwa zinayizi n'chokwanira kuti abwere mkati mwa maola 24, osadikira tsiku limene analemberedwa. Kukana kukagwidwa msanga nthawi zambiri kumabwezeka ndi steroid wa ola lililonse, nthawi zina ndi wa mumtsempha. Kukachedwa, maselo a endothelium amene afa sameranso. Ndipo kukana kulibe tsiku lotha: kumachuluka chaka choyamba koma kukhoza kudza patapita zaka 10. Muphunzitseni kutseka diso linalo tsiku lililonse n'kuyang'ana chinthu chimodzimodzi, monga kalendala ya pakhoma, kuti kusintha akuone yekha. Mbali ina ya nkhaniyi ili kwa ife: amene amayankha foni ndi amene amakhala pa desiki yolandirira alendo adziwe kuti wodwala wa cornea wotchula chimodzi mwa zinayizi saikidwa pa mzere wa mwezi wamawa. Kuphunzitsa wodwala n'kopanda phindu ngati pakhomo abwezedwa.

Masitichi a PK ndi DALK amakhala miyezi yambiri, nthawi zambiri chaka kapena kupitirira. Ulusi ukamasuka kapena kuduka sugwiranso ntchito iliyonse. Umangokola mamina a m'diso ndi tizilombo, n'kuitana mitsempha ya magazi imene imabweretsa kukana. Wodwala amati mwalowa kachitsotso. Pa fluorescein ulusi womasuka umawala. Uchotsedwe tsiku lomwelo ndi amene ali ndi chilolezo, kenako antibiotic ndi steroid monga dokotala alembera. Namwino asauze munthu wotere kuti akayese madontho a misozi kaye.

Bala la PK silibwerera mphamvu zake zakale moyo wonse, ngakhale masitichi atachoka. Chigongono cha mwana kapena chitseko cha kabati chikhoza kulitsegula patapita zaka. Chotchingira cholimba usiku kwa mwezi umodzi kapena kupitirirapo, magalasi masana, osatikita diso. A keratoconus, matenda a cornea yopyapyala ndi yosongoka, ndiwo ovuta pa kutikita chifukwa ambiri maso awo amayabwa, ndiye kuyabwako kuchiritsidwe, osangowakalipira. Madzi a sopo asalowe m'diso masabata oyamba, kusambira ndi kunyamula zolemera adikire chilolezo, ndipo masewera omenyana kapena ogundana ndi oti awaiwale.

Mphunzitsi_wa_Anamwino anayankha:

Zonse zanenedwazi ndikugwirizana nazo, koma ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi: ndandanda yosindikiza kale ija ili ndi msampha. Pali odwala amene amaikidwa cornea osati kuti aone, koma kuti diso lisabooke chifukwa cha chilonda cha tizilombo. Ngati chilondacho chinali cha fangasi, madokotala ambiri sayamba steroid masiku oyambirira; wodwala amapitiriza natamycin 5% kapena voriconazole 1% pafupipafupi, usiku womwe. Namwino wakhama akaona kuti "wa PK uyu alibe prednisolone" n'kumuyambitsa potsata pepala, fangasi imabwerera m'kachidutswa katsopano. Choncho tsamba la odwala amenewa likhale la mtundu wina wa pepala, ndipo pamwamba palembedwe kuti ndandanda wamba sigwira ntchito pano.

Tsamba lina laling'ono likhale la cornea yong'ambika pangozi, poti ameneyu amafikira kwa namwino dokotala asanamuone. Chotchingira cholimba chokha, popanda thonje lodinikiza. Osapaka mankhwala, osayeza presha, osazula chimene chabaya. Asadye, apatsidwe oletsa kusanza ndi ochepetsa ululu, katemera wa kafumbata afunsidwe. Wa cross-linking, njira yolimbitsa cornea ya keratoconus, naye ali ndi zake: amapita kunyumba ndi contact lens yophimba bala, masiku awiri kapena atatu oyamba amamva ululu kwambiri, lens ikagwa asaibwezeretse, ndipo kadontho koyera pa cornea n'kobwera nako tsiku lomwelo.

Pa kalembedwe, mzere uliwonse uyankhe zinthu zitatu: achite ndani, nthawi yanji, ndipo akapeza chiyani aimbire ndani. Mzere umene sukuyankha zimenezi uchotsedwe. Ndondomeko ya masamba 30 imakhala mu kabati ya a Sisita. Imene imagwira ntchito ndi ya tsamba limodzi lomata pa fayilo ya wodwala, loyenda naye kuchokera ku wodi kupita ku thiyeta n'kubwerera. Namwino watsopano asapatsidwe wodwala wa cornea yekha asanaonetse pamaso pa mnzake kuti amatha kudonthezera, kuchotsa bandeji, kuyeza presha ndi kuunika chipinda chakutsogolo ndi tochi.

Pakatha miyezi 3 tengani mafayilo 20 otsatizana muwerenge zinthu zochepa zokha: ndi angati presha inayezedwa pa ola lolembedwa, ndi angati kagonedwe kanalembedwa potuluka ku thiyeta, ndi angati anadonthezera pamaso pa namwino asanatuluke, ndi angati zotsatira za mkombero wa wopereka zinalowa m'fayilo, ndipo panadutsa mphindi zingati kuchokera pamene wodwala anadandaula ululu kufika pamene dokotala anamuona. Mzere umene ukulumphidwa ndi mashifiti onse, musathamangire kudzudzula anthu. Kawirikawiri mupeza kuti Tono-Pen imatsekeredwa ku kiliniki 5 koloko, kapena nambala ya dokotala wa usiku imene ili pakhoma ndi ya chaka chatha.